Hepatitis B ndi asilikali a m'thupi: ndani kwenikweni amene amawononga chiwindi?

Anthu ambiri amadziwa kuti ali ndi kachilombo ka hepatitis B mosayembekezera. Wina amapita kukapereka magazi, wina kusikelo ya amayi oyembekezera, wina kukayezetsa asananyamuke kukagwira ntchito kunja, kenako n'kuuzidwa kuti m'magazi mwake muli kachilombo komwe kakhalamo mwina kuyambira ali mwana. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2022 anthu pafupifupi 254 miliyoni anali ndi kachilomboka kokhalitsa, 65 miliyoni mwa iwo ali m'chigawo cha Africa, ndipo anthu pafupifupi 1.1 miliyoni anamwalira chaka chimenecho chifukwa cha matendawa. Chodabwitsa n'chakuti kachilomboka pakokha sikakonda kupha maselo a chiwindi. Mafunso ali m'munsiwa akufotokoza amene amachita zimenezo, chifukwa chake, ndi zomwe munthu wopezeka nako ayenera kudziwa.

Kodi kachilomboka kakalowa m'thupi kamapita kuti, ndipo kamakachita chiyani?

Kamalowa kudzera m'magazi kapena m'madzi ena a m'thupi: pobadwa, pogonana, pobwerekana lezala kapena jekeseni, potema mphini ndi chida chomwe chatemera munthu wina. Kakalowa kamayenda ndi magazi mpaka kuchiwindi. Pakhungu la selo lililonse la chiwindi pali puloteni yotchedwa NTCP, yomwe ntchito yake ndi kutola mchere wa mu ndulu m'magazi n'kuubwezera m'chiwindi. Kachilomboka kamagwirira pa puloteni imeneyi polowa. Izi zinadziwika mu 2012 kudzera m'kafukufuku wa gulu la Wenhui Li ku Beijing, ndipo zimathandiza kumvetsa chifukwa chake kachilomboka kamasankha chiwindi kusiya ziwalo zina.

Kakalowa m'selo kamatumiza DNA yake mkatikati, momwe selo limasungira DNA yakeyake. Mmenemo DNA ya kachilomboka imadzimanga kukhala kamkombero kolimba komwe akatswiri amakatchula kuti cccDNA. Kuyambira pamenepo selo limayamba kupanga tizilombo tatsopano n'kumatitulutsira m'magazi, koma silifa. Limapitiriza kupanga ndulu, kusunga shuga ndi kusefa magazi ngati kuti palibe chachitika. Gulu la Francis Chisari ku Scripps Research Institute ku California linaonetsa mu 2004, poyesa pa anyani akuluakulu otchedwa chimpanzi, kuti m'masabata oyamba kachilomboka kamafalikira m'chiwindi chonse koma chiwindicho sichichenjeza thupi n'komwe.

Ngati kachilomboka sikapha maselo, nanga amawapha ndani?

Amawapha ndi asilikali a m'thupi mwathu momwe. Ambiri timadziwa za CD4 chifukwa cha nkhani ya HIV. Ma CD4 ali ndi anzawo otchedwa CD8, ndipo ntchito ya ma CD8 ndi kusaka maselo omwe alowedwa ndi tizilombo n'kuwapha.

Mmene amachitira zimenezi m'chiwindi n'zochititsa chidwi. Magazi m'chiwindi amadutsa m'timitsempha topapatiza kwambiri, ndipo makoma a timitsemphati ali ndi timabowo. Selo la CD8 limakwawa pang'onopang'ono m'kati mwa kamtsemphako, likupisa timanja take m'timabowomo n'kumakhudza maselo a chiwindi omwe ali kuseri kwa khomalo. Selo lomwe lili ndi kachilombo limaonetsa tizidutswa ta mapuloteni a kachilomboko pakhungu lake. CD8 ikazindikira kachidutswa kameneka imaima, imamatirira, n'kuthira mankhwala oboola selolo ndi kulilamula kuti lidziphe. Selo likaphulika, zomwe zinali m'kati mwake zimatayikira m'magazi, kuphatikizapo enzaimu yotchedwa ALT. N'chifukwa chake madokotala amayeza ALT akafuna kudziwa ngati maselo a chiwindi akufa.

Umboni wake ulipo woonekeratu. Mu 2003 akatswiri anachotsa ma CD8 mwa chimpanzi yomwe inali itangotenga kachilomboka. Tizilombo tinakhala tochuluka m'chiwindi kwa nthawi yaitali koma ALT sinakwere. Ma CD8 atabwerera, ALT inakwera ndipo tizilombo tinayamba kutha. Kuchiza ndi kuvulaza kunachokera kwa asilikali omwewo.

Ma CD8 ali ndi njira inanso yosapha. Amatulutsa mankhwala otchedwa interferon gamma ndi TNF, omwe amachititsa selo kuphwanya tizilombo tomwe tili m'kati mwake ilo osafa. Luca Guidotti ndi Chisari anaonetsa kuti mbali yaikulu ya tizilombo imatha mwa njira imeneyi maselo asanayambe kufa ambiri. Pali nthawi ina yomwe kachilomboka kamawononga maselo pakokha: chitetezo chikatsika kotheratu, monga mwa munthu yemwe wamuika chiwalo cha munthu wina ndipo akumwa mankhwala ofooketsa chitetezo, tizilombo timachuluka mpaka maselo kulephera kupirira. Koma izi n'zakamodzikamodzi.

N'chifukwa chiyani akuluakulu ambiri amachira okha pomwe makanda amakhala nako moyo wonse?

Munthu wamkulu akatenga kachilomboka, asilikali ake amadzuka mwamphamvu ndiponso mogwirizana. Ma CD4 amatsogolera, ma CD8 amazindikira mbali zingapo za kachilomboka nthawi imodzi, ndipo maselo otchedwa B amapanga ma antibody ogwira tizilombo toyandama m'magazi. Munthuyo akhoza kudwala chikasu, kutaya chilakolako cha chakudya, kukodza mkodzo wakuda, koma pakatha miyezi ingapo amachira. Mwa akuluakulu 100 alionse otenga kachilomboka, osakwana 5 ndi omwe amakhala nako kokhalitsa. Ochepa kwambiri, osafika mmodzi mwa 100, asilikali awo amalusa mopyola muyeso mpaka chiwindi kulephereratu m'masabata ochepa.

Kwa khanda zinthu zimatembenuka: makanda pafupifupi 9 mwa 10 alionse otenga kachilomboka pobadwa amakhala nako moyo wonse. Chitetezo cha khanda chimakhala chikuphunzira kusiyanitsa chake ndi chachilendo, ndipo chimapendekera ku kulolera. Kuwonjezera apo, kachilomboka kamapanga puloteni yaing'ono yotchedwa HBeAg, yomwe imatha kudutsa kuchoka m'magazi a mayi kupita kwa mwana akadali m'mimba. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti puloteniyi imazoloweretsa asilikali a mwana kuti asadzaone kachilomboka ngati mdani. Ana otenga kachilomboka asanakwanitse zaka 5 nawonso amakhala pachiopsezo chachikulu. Kuno ku Africa ambiri amakatengera pa msinkhu umenewu, pakhomo, kudzera m'zilonda, malezala ndi zina zokhudza magazi.

Chiwindi nachonso chili ndi khalidwe lake. Magazi ambiri olowa m'chiwindi amachokera m'matumbo atanyamula tizidutswa ta chakudya ndi ta mabakiteriya. Chiwindi chikanati chizipsa mtima ndi chilichonse chachilendo, bwenzi tikudwala tikangodya nsima. Choncho chiwindi chinapangidwa moti chimaziziritsa asilikali olowamo, ndipo kachilombo ka hepatitis B kamapezerapo mwayi.

Timamva kuti asilikali a munthu wa hepatitis B yokhalitsa ndi otopa. Kutopa kwake n'kotani?

Selo la CD8 linapangidwira nkhondo yaifupi: kudzuka, kuchulukana, kugonjetsa mdani, kenako kupuma. Likamakumana ndi mdani yemweyo tsiku ndi tsiku kwa zaka 20 kapena 30, limasintha. Limayamba kuonetsa pakhungu lake mapuloteni omwe ntchito yawo ndi kuliletsa kugwira ntchito, monga PD-1, CTLA-4 ndi TIM-3. Limasiya kuchulukana, limatulutsa interferon gamma wochepa, timagawo take topanga mphamvu timafooka, ndipo pomaliza limafa msanga. Gulu la Carlo Ferrari ku Parma, m'dziko la Italy, linaonetsa mu 2007 kuti pomwe tizilombo tili tochuluka m'magazi, ma CD8 olimbana natoyo amakhala ochepa ndi ofooka kwambiri, ndipo PD-1 amakhala wambiri pa iwo.

Kachilomboka kamathandiziranso kutopaku mwa njira yake. Maselo omwe kalowamo amatulutsa zikungwa zopanda kanthu m'kati, zopangidwa ndi puloteni ya HBsAg, zochuluka kuposa tizilombo tenitenito maulendo 1,000 kapena kupitirira. Zikungwa zimenezi zimadzaza m'magazi, zimamwerera ma antibody, ndipo maselo a B omwe akanapanga ena nawonso amafooka. HBsAg yomweyi ndi yomwe Baruch Blumberg anaipeza m'magazi a munthu wa ku Australia cha m'ma 1960, zomwe zinachititsa kuti alandire mphotho ya Nobel mu 1976, ndipo ndi yomwe kachipangizo koyezera magazi a pachala kamafufuza lero.

Asilikali ena a m'thupi amawonjezera vutoli. Maselo otchedwa NK, omwe ndi ambiri m'chiwindi, apezeka kuti amapha ma CD8 olimbana ndi hepatitis B. Palinso maselo ena omwe amamaliza arginine, chakudya chomwe maselo a T, monga ma CD4 ndi ma CD8, amafunikira kuti agwire ntchito. Koma dziwani ichi: kutopaku kumakhudza makamaka asilikali olimbana ndi hepatitis B okha. Munthuyo chitetezo chake ku malungo, chimfine ndi matenda ena chimakhala chili bwino, mosiyana ndi zomwe HIV imachita.

Ngati asilikaliwo ndi ofooka chomwecho, chiwindi chikuwonongeka bwanji?

Apa ndiye pagona nkhani. Mu 2000 Mala Maini ndi anzake ku London anayeza tizidutswa ta ziwindi za anthu a hepatitis B yokhalitsa. Ena mwa anthuwo anali ndi tizilombo tochepa ndi chiwindi chabwino, ena tizilombo tochuluka ndi chiwindi chotupa. Anapeza kuti chiwerengero cha ma CD8 odziwa hepatitis B m'chiwindi chinali chofanana m'magulu onse awiri. Kusiyana kunali kwakuti m'ziwindi zotupazo munadzaza khamu la maselo ena osadziwa n'komwe kachilomboka.

Zimachitika motere. Ma CD8 ochepa omwe atsala amayesabe kumenya nkhondo. Akalephera kumaliza, mankhwala omwe atulutsa amaitana asilikali ena kuchokera m'magazi: maselo a T omwe anaphunzitsidwa kulimbana ndi matenda ena, ma neutrophil, ma monocyte ndi ma NK. Ma platelet, omwe timawadziwa pa ntchito yoletsa magazi kutuluka pachilonda, amathandiza ma CD8 kumatirira m'timitsempha ta chiwindi. Maselo a Kupffer, omwe amakhala m'chiwindi momwemo kudya zinyalala ndi mabakiteriya, amatulutsa mankhwala otupitsa. Khamu lonseli silisankha bwino pakati pa selo lodwala ndi labwino. Zili ngati anyamata otentha tchire m'chilimwe pofuna mbewa: moto umapsereza udzu, timitengo ndi manyowa, koma mbewa zambiri zili phee kuuna, ndipo chaka chamawa adzatenthanso.

Choncho vuto la hepatitis B yokhalitsa ndi chitetezo chomwe chilibe mphamvu zokwanira kuchotsa kachilomboka koma chili ndi mphamvu zokwanira kuvulaza chiwindi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri.

Kuvulala kumeneku kumasanduka bwanji zipsera?

Chiwindi chili ndi mphatso yodzikonza. Maselo akafa, otsalawo amagawikana n'kudzaza malowo. Zikachitika kamodzi kapena kawiri, chiwindi chimabwerera mwakale. Zikamachitika mobwerezabwereza, maselo ena otchedwa stellate amadzuka. Maselo amenewa nthawi zonse amakhala chete pakati pa timitsempha ndi maselo a chiwindi, akusunga vitamini A. Akamva mankhwala otuluka m'maselo ovulala ndi m'maselo a Kupffer, makamaka otchedwa TGF-beta, amataya vitamini A uja n'kuyamba kuluka ulusi wolimba wa collagen, womwewo womwe umapanga chipsera pakhungu.

Poyamba zipserazo zimakhala mozungulira mitsempha yokha. Kenako zimalumikizana kuchoka pa mtsempha wina kufika pa wina, mpaka chiwindi chimagawika m'timibulu tozunguliridwa ndi zipsera. Apa ndi pomwe madokotala amati cirrhosis. Chiwindi chimauma, ndipo magazi ochokera m'matumbo amavutika kudutsamo. Akakanikizika, kapamba amatupa, madzi amadzaza m'mimba, miyendo imatupa, ndipo mitsempha ya kummero imafufuma mpaka kuphulika, munthu n'kusanza magazi. Poizoni womwe chiwindi chikanasefa akafika kuubongo, munthu amasokonezeka mutu, amagona masana n'kuchezera usiku. Zikafika apa ena amaganiza zoti walodzedwa, pomwe matendawo anayamba zaka makumi angapo zapitazo.

Si onse omwe amafika pamenepa. Mwa anthu 100 a hepatitis B yokhalitsa osalandira mankhwala, pakati pa 15 ndi 40 ndi omwe amadzakhala ndi cirrhosis, kulephera kwa chiwindi kapena khansa. Mowa, kaya ndi kachasu, masese kapena wa m'botolo, umafulumizitsa zipserazi. Chimodzimodzinso HIV yosalandirira mankhwala, hepatitis C, hepatitis D, mafuta ochuluka m'chiwindi, ndi likodzo la m'matumbo lomwe mazira ake amakatsakamira m'mitsempha ya chiwindi.

Papepala la zotsatira pali ALT, HBeAg ndi viral load. Zikunena chiyani za nkhondoyi?

Viral load, yomwe imalembedwanso kuti HBV DNA, imanena kuchuluka kwa tizilombo. ALT imanena kuchuluka kwa maselo omwe akufa. HBeAg ikapezeka nthawi zambiri zimatanthauza kuti kachilomboka kakuchulukana kwambiri. Zitatuzi zikawerengedwa pamodzi zimaonetsa pomwe matenda afika.

Tiyerekeze munthu yemwe anatenga kachilomboka ali khanda. Zaka zoyamba viral load yake imakhala mamiliyoni ambirimbiri koma ALT ili bwino, chifukwa asilikali sakumenya nkhondo yooneka. Kale nyengo imeneyi inkaonedwa ngati yopanda vuto, koma kafukufuku wa Patrick Kennedy, Antonio Bertoletti ndi anzawo waonetsa kuti ngakhale pamenepa ma CD8 odziwa kachilomboka amakhalapo ndipo kusintha kwina m'maselo kumakhala kutayamba kale. Kenako imafika nyengo yomwe asilikali amadzuka: ALT imakwera ndi kutsika, viral load imayamba kuchepa. Zipsera zambiri zimapangika m'nyengo imeneyi, ndipo ikatalika kuwonongeka kumakula. Asilikali akapambana pang'ono, HBeAg imasowa, viral load imatsika kwambiri, ALT imabwerera mwakale. Anthu ambiri a kuno ku Africa amafika pamenepa akadali achinyamata, msanga kuposa a ku Asia. Ena amakhala pamenepa moyo wonse. Koma mwa ena kachilomboka kamasintha n'kuyambanso kuchulukana popanda HBeAg, ndipo kutupa kumabwerera mwakabisira.

N'chifukwa chake kuyeza ALT kamodzi sikokwanira. Ikhoza kukhala yabwino mu Janyuwale, n'kukwera mu Meyi, n'kutsikanso mu Ogasiti, munthu osamva kalikonse. Pofuna kudziwa kuchuluka kwa zipsera, zipatala zina zili ndi makina a FibroScan oyeza kuuma kwa chiwindi. Komwe kulibe, achipatala amawerengera APRI pogwiritsa ntchito zotsatira za AST (enzaimu ina yonga ALT) ndi ma platelet, zomwe labotale wamba imatha kuyeza.

Nanga khansa ya chiwindi imabwera bwanji?

Imabwera kudzera m'njira ziwiri zomwe zimathandizana. Yoyamba ndi ya kutupa komweku. Maselo akamafa ndi kugawikana kosalekeza, zolakwika zimalowa mu DNA yawo, ndipo mankhwala omwe asilikali amatulutsa amawonjezera kuiwononga. Yachiwiri ndi ya kachilombo kenikeniko: tizidutswa ta DNA yake timalowerera mu DNA ya munthu, ndipo tikagwera pafupi ndi majini olamulira kukula kwa selo, selolo likhoza kuyamba kuchulukana mosaletseka. Pachifukwa ichi hepatitis B imatha kuyambitsa khansa ngakhale mwa munthu yemwe chiwindi chake sichinafike pa cirrhosis.

Mgwirizano wa kachilomboka ndi khansa unatsimikizika mu 1981, pomwe Palmer Beasley anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotsatira amuna 22,707 ku Taiwan. Pafupifupi onse omwe anadwala khansa ya chiwindi anali ndi kachilomboka. Kwathu kuno pali chinanso chowonjezera: chuku chomera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amawononga jini ya p53, yomwe ntchito yake ndi kuletsa khansa. Munthu wokhala ndi kachilomboka akamadyanso aflatoxin, chiopsezo chake chimakula kwambiri kuposa cha munthu yemwe ali ndi chimodzi chokha mwa ziwirizi. Kum'mwera kwa Mozambique, makamaka ku Inhambane, ndi amodzi mwa malo omwe izi zinaonekera kale. Ku Africa khansayi imagwira anthu akadali ndi mphamvu, ambiri a zaka za m'ma 30 ndi 40, amuna kuposa akazi.

Kodi HIV, ma ARV ndi mankhwala ena zimakhudzana bwanji ndi nkhaniyi?

HIV imachepetsa ma CD4, omwe ma CD8 amadalira. Munthu wokhala ndi tizilombo tonse tiwiri amakhala ndi viral load ya hepatitis B yokwera, ndipo zipsera zimabwera msanga ngakhale ALT isakwere kwambiri. Mwamwayi, ma ARV a TLD omwe ambiri amamwa ku Malawi ndi ku Zambia ali ndi tenofovir ndi lamivudine, ndipo onse awiri amaponderezanso hepatitis B. Anthu ambiri akulandira chithandizo cha matenda awiri ndi piritsi limodzi asakudziwa.

Kusadziwako kuli ndi ngozi yake. Munthu wotere akasiya mankhwala, kapena akamusinthira mankhwala opanda tenofovir asanayezedwe hepatitis B, kachilomboka kamadzuka kuchokera mu cccDNA n'kudzaza chiwindi m'masabata ochepa. Asilikali, omwe anapezako mphamvu pa nthawi yomwe ankamwa mankhwala, amapeza maselo ambirimbiri odwala n'kuwaukira nthawi imodzi. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu maso amachita chikasu, ALT imakwera kufika mazana kapena masauzande, ndipo ngati chiwindi chinali ndi zipsera kale, munthuyo akhoza kumwalira. Zomwezi zikhoza kuchitika kwa munthu wa hepatitis B yemwe wasiya mapiritsi a PrEP oteteza ku HIV okhala ndi tenofovir popanda kuuza achipatala.

Mankhwala a khansa, ma steroid omwedwa nthawi yaitali ndi mankhwala monga rituximab amatsitsa chitetezo, kachilomboka n'kuchulukana, ndipo chitetezo chikabwerera chiwindi chimavulala. Izi zimatha kuchitika ngakhale kwa munthu yemwe anachira hepatitis B kalekale, chifukwa cccDNA yochepa imatsalabe m'maselo ena. Amayi ena ALT imawakwera m'miyezi yoyamba atabereka, pomwe chitetezo chomwe chinazizira ali oyembekezera chikubwerera mwakale.

Ndiye kumwa mankhwala owonjezera chitetezo kungathandize?

Ayi. Malonda a mankhwala azitsamba ndi mabotolo olembedwa kuti amatsuka chiwindi kapena kuwonjezera asilikali a m'thupi achuluka, koma palibe ngakhale amodzi omwe atsimikizika kuti amachotsa hepatitis B. Vuto si kuchepa kwa asilikali onse. Ndi gulu limodzi laling'ono lomwe lafooka, pomwe asilikali ena achuluka kale m'chiwindi ndipo ndi omwe akuvulaza. Kuwonjezera apo, chilichonse chomwe munthu wamwa chimadutsa m'chiwindi, ndipo zitsamba zina zimachiwononga. Ngakhale panado akamwedwa mopitirira muyeso amapha maselo a chiwindi.

Nanga mankhwala a kuchipatala amagwira bwanji ntchito? Amachiritsiratu?

Tenofovir ndi entecavir amatsekereza enzaimu yomwe kachilomboka kamagwiritsa ntchito popanga DNA yatsopano. Sakhudza asilikali mwachindunji, koma tizilombo tikachepa, maselo atsopano sakhalanso akulowedwa, kutupa kumazirala, ALT imatsika, ndipo chiwindi chimapeza mpata wodzikonza. Ngakhale zipsera zimatha kuchepa. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Patrick Marcellin, yemwe anatuluka mu 2013, anaonetsa kuti mwa anthu 96 omwe anali ndi cirrhosis, 71 analibenso cirrhosis atamwa tenofovir zaka 5. Chiopsezo cha khansa chimatsika, ngakhale sichitheratu.

Chomwe mankhwalawa sachita ndi kuchotsa cccDNA kapena DNA yomwe inalowerera kale mu DNA ya munthu. N'chifukwa chake ambiri amamwa moyo wonse, ndipo ndi ochepa kwambiri omwe HBsAg imawathera m'magazi. Jekeseni wa pegylated interferon, wobayidwa sabata iliyonse kwa masabata 48, amadzutsa chitetezo ndipo amathandiza ena, koma ndi wodula, amadwalitsa, ndipo sayenera munthu yemwe chiwindi chake chafooka kale.

Chiyembekezo cha akatswiri chikuchokera pa zomwe zinaonekapo kale. Madokotala ku Hong Kong ndi kwina anaona kuti odwala ena a hepatitis B yokhalitsa, atawaika mafuta a m'mafupa ochokera kwa m'bale yemwe anachira kachilomboka, HBsAg inawathera. Asilikali atsopano anachita zomwe akale analephera. Lero kafukufuku akuyesa mankhwala ochepetsa HBsAg, akatemera odzutsa ma CD8 ofookawo, ndi mankhwala otsekereza PD-1. Chovuta ndi muyeso, popeza kudzutsa asilikali kwambiri m'chiwindi chodzaza maselo odwala kukhoza kuchiwononga.

Mu 2024 WHO inafewetsa malamulo a yemwe ayenera kuyamba mankhwala. Tsopano akuphatikizapo aliyense yemwe APRI yake yapitirira 0.5, yemwe viral load yake yapitirira 2,000 ndipo ALT ili yokwera, yemwe ali ndi HIV, hepatitis C kapena hepatitis D, komanso yemwe m'banja mwake munali khansa ya chiwindi kapena cirrhosis.

Katemera amateteza bwanji, ndipo angathandize munthu yemwe ali nako kale?

Katemera ali ndi HBsAg yokha, yopangidwa kufakitale, popanda kachilombo kamoyo. Thupi limapanga ma antibody omwe amagwira kachilomboka kakadali m'magazi, kasanafike pa selo la chiwindi. Nkhondo ya m'chiwindi siyamba n'komwe. Taiwan inayamba kupereka katemerayu kwa makanda mu 1984, ndipo pofika 1997 madokotala kumeneko anali ataonetsa kuti khansa ya chiwindi mwa ana yatsika. Ku Malawi katemerayu analowa mu katemera wa ana wa kusikelo mu 2002, woperekedwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Izi zikutanthauza kuti ambiri obadwa chisanafike chaka chimenecho sanabayidwe.

Kwa mwana wobadwa kwa mayi yemwe ali ndi kachilomboka, masabata 6 ndi mochedwa. WHO imalimbikitsa kuti khanda lililonse lilandire katemera woyamba pasanathe maola 24 chibadwire, ndipo mayi wa viral load yokwera amwe tenofovir ali woyembekezera. Kwa munthu yemwe ali nako kale, katemera wamba sathandiza, chifukwa thupi lake ladzaza kale HBsAg yomweyo ndipo asilikali anasiya kuilabadira.

Ndangopezeka nako koma sindikumva kudwala. Ndichite chiyani?

Musadalire mmene mukumvera. Chiwindi chimatha kuwonongeka kwambiri munthu akulima, akugwira ntchito, akudya bwino. Pemphani kuti akuyezeni ALT, AST, ma platelet ndi HIV, komanso viral load ngati ilipo. Akakuuzani kuti simukufunika mankhwala panopa, funsani tsiku lobwereranso, ndipo muziyezetsa kosachepera kamodzi pachaka. Ngati muli ndi cirrhosis kapena m'banja mwanu wina anadwalapo khansa ya chiwindi, sikani ya pamimba miyezi 6 iliyonse imathandiza kupeza chotupa chikadali chaching'ono.

Siyani mowa. Sankhani mtedza ndi chimanga, chachuku mutaye, osachipatsa ana kapena kuchigayitsa. Mukayamba tenofovir kapena ma ARV musalekeze panjira, ndipo dokotala aliyense yemwe akufuna kukusinthirani mankhwala kapena kukupatsani ofooketsa chitetezo mumuuze kuti muli ndi hepatitis B. Akazi kapena amuna anu, ana, makolo ndi abale obadwa nawo mimba imodzi akayezetse, ndipo omwe alibe abayitse katemera. Kachilomboka kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kupitirira, choncho lezala, mswachi ndi chowengera zikhadabo zikhale zanu nokha. Koma kudyera mbale imodzi, kupatsana moni wa pamanja, kukumbatirana ndi kugona nyumba imodzi sizifalitsa matendawa, ndipo mayi akhoza kuyamwitsa mwana wake yemwe walandira katemera. Maso akachita chikasu, mimba ikayamba kutupa, mukasanza magazi kapena chimbudzi chikada bii, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.